Maliro akatha, ana adya chiyani? Zimene zinachitika kwa asodzi a ku Eyemouth mu 1881

Tikudziwa kuti ena mwatsika m'boti m'mawa womwe uno ndipo tulo tidakali m'maso, choncho tiyesetsa kuti dzuwa lisatipeze pano litafika paliwombo.

Nthawi zambiri tikakumana chonchi timakamba za maukonde a maso ang'onoang'ono, za nyengo yotseka nyanja ndi za malaisensi. Lero tapempha kuti nsomba tiyambe taziika pambali. Tikambe za munthu amene wapita kukazigwira koma osabwerako, ndi za banja limene walisiya kumtunda.

Ngozi ikagwa pa doko, ife anthu a m'mbali mwa nyanja timachita bwino ndithu. Maboti amatuluka kukafufuza, mafuta amasonkhedwa, mwini boti amathamangira bokosi, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, mbale ya chipepeso imazungulira ndipo mlembi amawerenga mayina a onse amene aponyamo. Palibe angatinene kuti ndife ouma mtima. Koma tiyeni tifunsane moona: pakatha mwezi umodzi, ndani amapondanso pakhomo paja? Chipepeso chimathera pa ndiwo za anamfedwa ndi pa thiransipoti ya achibale. Mayi uja amatsala ndi ana, ndipo pakapita nthawi timaona mwana wake wamkulu wasiya sukulu, akukoka nawo khoka kuti apatsidweko nsomba za ndiwo.

Vuto limeneli anzathu asodzi a m'maiko ena anakumana nalo kalekale. Tikufuna tikufotokozereni za mudzi wina wa asodzi wotchedwa Eyemouth, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Scotland, m'mbali mwa nyanja ya mchere ya North Sea. Chaka chake ndi 1881, chaka chomwe amishoni ochokera ku Scotland komweko anasamutsa mishoni yawo kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe.

Asodzi a ku Eyemouth ankagwiritsa ntchito maboti a matanga, opanda injini. M'boti limodzi munkakwera anthu 6 kapena 7, ndipo kawirikawiri ankakhala a banja limodzi: bambo, ana ake, achimwene ake, alamu ake. M'nyengo yozizira ankapha nsomba yotchedwa haddock ndi zingwe zazitali za mbedza zambirimbiri. Ntchito yoika nyambo pa mbedzazo inali ya amayi ndi ana kunyumba. Mukuona kuti moyo wawo sunali wosiyana kwenikweni ndi wathu. Nyumba yonse inkadya kuchokera m'boti.

Kwa masiku angapo mwezi wa October chaka chimenecho kunali mphepo, maboti osatuluka. Lachisanu pa 14 October kunacha bwino, nyanja ili bata, dzuwa likuwala. Koma pa doko panali chipangizo choonetsa ngati kukubwera namondwe, chimene amachitcha barometer, ndipo m'mawa umenewo chinali chitatsika kwambiri. Asodzi anachiona. Koma nyambo inali itaikidwa kale, m'nyumba munalibe ndalama, ndiponso pa mudzipo panali mwambo woti boti limodzi likatuluka, onse atuluke. Palibe ankafuna kutchedwa wamantha. Maboti oposa 40 anatuluka.

Chakumasana, atangoponya zingwe zawo, mphepo inasiya kaye, kunja kunada, kenaka namondwe anagwa mwadzidzidzi. Maboti ena anagubuduzika pomwepo. Ena anathamangira kumtunda, koma doko lawo linali lovuta polowera. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi imeneyo madzi anali ochepa. Pakhomo pa dokolo pali miyala yotchedwa Hurkar, ndipo maboti anasweka pa miyala imeneyo akazi ndi ana akuonerera pagombe, osatha kuchitapo kanthu. Amene anapulumuka ambiri ndi aja anasankha kuthawira pakati pa nyanja m'malo molimbana ndi doko. Boti lina lotchedwa Ariel Gazelle linatulukira patapita masiku awiri, anthu ake onse ali moyo.

Tsiku limenelo anafa asodzi 189. Mwa iwo, 129 anali a ku Eyemouth, 24 a ku Burnmouth, 11 a pa kamudzi ka Cove, ndipo otsalawo a midzi ina ya gombe lomwelo. Mitembo yambiri sinapezeke. Ku Eyemouth kokha kunatsala amayi amasiye 78 ndi ana 182 opanda bambo, ndipo lero pagombe pawo pali chikumbutso cha mkuwa, chimene anachitsegulira mu 2016, choonetsa mayi aliyense ndi mwana aliyense akuyang'ana kunyanja.

Tinene pang'ono za doko lija. Asodzi ankadziwa kuti ndi loopsa, koma kwa zaka zambiri anali pa mkangano ndi mpingo pa nkhani ya chakhumi cha nsomba chimene lamulo linkawakakamiza kupereka kwa m'busa. Anawatsogolera pa mkanganowo ndi msodzi mnzawo William Spears. Chakhumicho chinatha, koma zaka zinali zitapita ndipo thandizo la boma lokonzera doko linachedwa mpaka ngozi inafika. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nkhani ya ngoziyi italembedwa m'manyuzipepala, anthu m'dziko lonse la Britain anayamba kusonkha. Ngakhale Mfumukazi Victoria inaponyapo yake. Zinakwana ndalama zoposa mapaundi 50,000. Agogo athu amene anagwirapo mapaundi ndi masheleni kwacha isanabwere mu 1971 akukumbukira kuti paundi imodzi inali masheleni 20, ndipo angatiuze kuti 50,000 inali ndalama yoopsa.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Amene ankayang'anira thumbalo akanatha kuitanitsa mabanja onse tsiku limodzi, kugawa, aliyense n'kumapita. Tikawerengera, pa munthu aliyense womwalira pakanagwa mapaundi pafupifupi 265. Sanatero. Anasunga ndalamazo n'kumapereka mlungu ndi mlungu: masheleni 5 kwa mayi wamasiye, ndi masheleni awiri ndi theka pa mwana aliyense, bola mwanayo azipita kusukulu. Ndiye kuti mayi wa ana atatu ankalandira masheleni 12 ndi theka pa mlungu. Gawo la mayi yekha linkakwana mapaundi 13 pa chaka. Mukachulukitsa ndi amayi 78 ndi ana 182 aja, mupeza kuti mudzi wa Eyemouth unkafuna mapaundi pafupifupi 2,200 pa chaka. Thumba la 50,000, ngakhale linkathandizanso midzi ina, linali loti liyenda zaka zambiri, mpaka khanda la pamsana litakula.

Sizinali ndalama zolemeretsa munthu. Amayiwo anapitiriza kugwira ntchito zolimba, ndipo mudziwo unatenga zaka makumi ambiri kuti chiwerengero cha anthu chibwerere mwakale. Koma taganizirani mayi amene akudziwa kuti mlungu wamawa pali kanthu, ndipo mlungu winawo palinso kanthu. Mayi wotere sagulitsa nyumba mothamanga, sakwatiwa chifukwa cha njala, ndipo wachibale wadyera alibe chochuluka choti n'kumulanda, chifukwa masheleni asanu amathera mumphika tsiku lomwelo. Panabweranso anthu akufuna kwabwino amene anati atenge ena mwa anawo akawalere ku nyumba za ana amasiye kutali. Amayi a ku Eyemouth anakana. Ife tikuona kuti kukana kumafuna pogwira, ndipo kandalama ka mlungu ndi mlungu kaja kanali pogwira pawo.

Njira yomweyi inagwiritsidwanso ntchito pa ngozi imene ambiri a inu munaionera m'nyumba za vidiyo, ya sitima ya Titanic, imene inamira pa 15 April 1912 ndi kupha anthu pafupifupi 1,500. Filimu ija imaonetsa kwambiri anthu olemera, koma oposa 500 mwa omwalirawo anali ochokera mu mzinda umodzi wa Southampton, ambiri a iwo ogwira ntchito m'sitimamo: othira malasha m'ng'anjo, operekera zakudya, okonza m'zipinda. Malipiro awo anaimitsidwa kuyambira tsiku limene sitima inamira. Anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 400,000, ndipo thumbalo linapereka thandizo la mlungu ndi mlungu mpaka 1959. Zaka 47!

Komabe pa thumba la Titanic pali zimene ife sitingakulangizeni kutengera. Thandizo linkasiyana malinga ndi udindo wa mwamuna, kotero kuti mkazi wa bwana wa m'sitima ankalandira zambiri kuposa mkazi wa wothira malasha, ngati kuti ana awo anali ndi mimba zosiyana. Ku Southampton analemba ntchito mayi woyendera mabanja panjinga. Kuyendera kunali kwabwino, chifukwa ankaona mwana wodwala kapena wofuna kuphunzira ntchito ya manja n'kukanena kukomiti. Koma ankakanenanso za khalidwe la amayi amasiyewo, ndipo mayi womveka kuti akumwa mowa kapena ali ndi mwamuna wina ankatha kuimitsidwa thandizo. Tonse tikudziwa m'mene miseche imayendera pa doko. Komiti ikayamba kuweruza khalidwe la namfedwa, mawa msungichuma adzakhala wapolisi wa m'nyumba za eni ake, ndipo amene adzagone ndi njala ndi mwana.

Tsopano wina afunsa kuti, a alangizi, mapaundi 50,000 ife tiwatenga kuti? Funso limeneli ndi loona, ndipo yankho lake ndi lowawa. Eyemouth inathandizidwa chifukwa anthu 189 anafa tsiku limodzi, dziko lonse linamva. Nafenso nyanja yathu inaonapo ngozi yaikulu yotere, pamene sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay n'kupha anthu 145, ndipo mpaka lero imakumbukiridwa. Koma imfa za asodzi athu sizibwera choncho. Zimabwera mmodzimmodzi: bwato limodzi lagubuduzika ndi mwera, siginala sanabwerere usiku, alovi awiri amira pokoka chilimira, wina wagwidwa ndi ng'ona. Sizifika pa wailesi, ndipo palibe wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene adzayendetse mbale chifukwa cha mlovi mmodzi. Pamene kwa mkazi wa mlovi ameneyo, ngoziyo ndi yaikulu chimodzimodzi ndi ya ku Eyemouth.

Anzathu a ku Britain nawonso anazindikira zimenezi. Namondwe atapha asodzi a m'mudzi wa Clovelly mu 1838, chaka chotsatira, mu 1839, anakhazikitsa bungwe la Shipwrecked Mariners' Society, limene lilipo mpaka lero. Asodzi ankalembetsa n'kumapereka kandalama kochepa pa chaka nyanja idakali bata, kuti tsiku la tsoka banja lisadikire chifundo cha anthu akutali. Ngakhale ndalama zotsala za thumba la Titanic zinakathera ku bungwe limeneli. Kwa ife, njira yotheka ndi imeneyo: kusonkheratu pang'onopang'ono ngozi isanagwe, ndi kupereka pang'onopang'ono ikagwa.

Kuyambira pamene boma linayamba kugwira ntchito limodzi ndi makomiti a m'madoko ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 litatsegula njira yoti anthu eni ake atengepo mbali, mwaonetsa kuti mungathe kupanga malamulo a pa doko ndi kuwasunga. Thumba la mabanja ofedwa lingakhale limodzi mwa malamulo amenewo. Ife sitinabwere ndi ndalama, ndipo sitikulamula. Tingotchula zimene tikuona kuti mungakhumudwe nazo mukayamba.

Choyamba ndi kaundula. Ku Eyemouth aliyense ankadziwa mwana wa yani wakwera boti liti. Kwathu kuno alovi amayenda, lero ali doko lino, mwezi wamawa atsatira usipa kwina, ndipo ambiri timangowadziwa ndi mayina a pa nyanja. Munthu amamira, mwini boti osadziwa dzina lake lenileni ngakhale mudzi wa kwawo. Thumba silingathandize banja limene sitikulidziwa. Mwini zida aliyense alembetse anthu ake kwa mlembi: dzina lenileni, mudzi, mfumu, mayina a ana, ndi munthu amene mlovi mwini wake wanena kuti ndiye adzalandire. Anene yekha adakali moyo, pamaso pa mboni.

Pamenepa pali nkhani imene timaizemba. Asodzi ena ali ndi banja kumudzi ndi lina pa doko. Tsiku la maliro amayi awiri amatulukira, aliyense ndi ana, ndipo komiti imasowa poyambira. Njira ya ku Eyemouth yowerengera pa mwana aliyense ingatipulumutse pa mkangano umenewu. Komiti isakhale bwalo loweruza kuti ukwati weniweni ndi uti. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe ndi mafumu. Komiti iwerenge ana amene bambo wawo anawalembetsa, ndipo gawo la mwana lipite m'manja mwa amene akumuphikira ndi kumutumiza kusukulu. Akhale mayi ake, akhale agogo ake. Lisapite kwa wachibale amene wangobwera kudzatenga injini ndi maukonde. Tikukumbutsane kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi ndi ana amasiye ndi mlandu. Mafumu athu, pamenepa tidalira inu.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Ndalama za thumba ili zisasakanizidwe ndi za chindapusa kapena za ulendo wa komiti. Zikhale ndi buku lakelake, osayinira atatu, mmodzi mwa iwo akhale mayi, ndipo mwezi uliwonse msungichuma awerenge poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Tonse taonapo magulu akutha chifukwa ndalama inagona m'thumba la munthu mmodzi, iye n'kuti ndabwereka pang'ono ndibweza usipa ukagwa. Ndipo pasakhale kukongoza ndalama imeneyi mwa katapila pofuna kuti iswane. Tsiku limene idzafunike, ngongole zidzakhala zili m'madzi.

Pali chinthu china chimene anzathu aja analibe nacho vuto koma ife tili nacho. M'masiku awo paundi inkasunga mphamvu yake zaka zambiri, kotero masheleni 5 a chaka chino ankagula pafupifupi zomwezo patapita zaka khumi. Kwacha yathu si choncho. Mukukumbukira kuti mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mukalemba m'malamulo kuti mayi azilandira makwacha akutiakuti, pakatha zaka ziwiri ndalamayo idzangokwana mchere ndi sopo. Ife tikuona kuti ndi bwino kulonjeza mwa muyezo wa chakudya: mtengo wa ndowa ya chimanga pa mwezi, pa msika wa kwanu, tsiku lopereka. Chimodzimodzi posonkha. M'malo motchula ndalama, boti lililonse lipereke mtengo wa kamuyezo kakang'ono ka nsomba pa tsiku limene lapha, mwini zida gawo lake, alovi gawo lawo. Tsiku lobwera chimanjamanja, palibe kupereka. Mtengo wa nsomba ukakwera, thumba limakwera nawo.

Ndipo musalonjeze zaka 47 ngati a Titanic. Werengani maboti anu, muone zimene zingalowe pa chaka pochotsa miyezi ya mwera ndi yotseka nyanja, kenaka mulonjeze zimene mungakwanitse. Ngati ndi miyezi 12, nenani miyezi 12, mayi adziwiretu kuti ali ndi chaka chimodzi choti apeze poyambira, kaya ndi thandala lake la usipa, kaya ndi dimba. Yunifolomu ndi makope a ana zingapitirire kupitirira apo ngati thumba likulola. Kulonjeza zambiri n'kusiya pakati n'koipa kuposa kulonjeza zochepa.

Chomaliza ndi funso limene tikudziwa kuti lidzabuka, ndipo ndi bwino muliyankhe lero pamene palibe maliro. Nanga munthu amene wamira atanyozera chenjezo? A zanyengo alengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera wamphamvu, komiti yaletsa, iye watuluka. Kapena wapita usiku kukaba nsomba nthawi yotseka nyanja. Kodi ana ake alandire? Ena mudzati ayi, chifukwa tikatero tikulimbikitsa kusamvera. Tikumva, ndipo ife alangizi ndi amene timakhala patsogolo kudzudzula anthu otere. Koma kumbukirani kuti asodzi a ku Eyemouth anaona chipangizo chija chitatsika, natuluka dala, ndipo amene anasonkha sanawafunse ana awo za mlandu umenewo. Maganizo athu ndi oti mwana sanakankhe boti. Ngati pali woti alipe, ndi mwini zida amene anatumiza anthu pa nyanja atamva chenjezo, iye atakhala kumtunda. Malamulo anu anganene kuti wotereyo abwezere ku thumba gawo la zimene laperekedwa. Koma zimenezi mukambirane nokha ndi mafumu anu, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe.

Pempho lathu ndi ili. Pofika msonkhano wa mwezi wamawa, komiti iliyonse ibwere ndi chiwerengero cha maboti, mabwato ndi alovi a pa doko lake, komanso mabanja amene anataya munthu pa nyanja m'zaka zisanu zapitazi. Musanabwere, a wapampando ndi amayi awiri a m'komiti mukakhale pansi ndi amayi amasiyewo kunyumba kwawo, osati pagulu, muwafunse kuti mwezi wovuta kwambiri unali uti, ndipo chimene chinasowa choyamba chinali chiyani. Mayankho awo ndi amene tidzayambire powerengera. Mapepala a kaundula tabwera nawo, ali ndi mlembi, ndipo eni zida amene muli pano mungayambe kulembetsa anthu anu tisanabalalike.

A wapampando, tabweza mawu kwa inu kuti amene ali ndi mafunso afunse.